Mwana wa Yani? Luso la Ofufuza Makolo ku New Mexico

Ku Albuquerque, mzinda waukulu wa chigawo cha New Mexico ku America, kuli anthu amene Loweruka lawo limathera pa mayina a anthu amene anafa kalekale. Amakumana m'holo ya laibulale kapena ya tchalitchi. Ambiri ndi achikulire opuma pantchito, ena ndi achinyamata amene agogo awo atsikira kuli chete chaposachedwa n'kuwasiyira katoni ya zithunzi zopanda mayina kumbuyo. Amafika atakwapatira mafayilo onenepa ndi mapepala aatali olembapo mibadwo. Mabungwe odziwika kumeneko ndi New Mexico Genealogical Society, lomwe linayamba mu 1960, ndi Hispanic Genealogical Research Center of New Mexico, lomwe limasindikiza magazini ya Herencia. Pamsonkhano pamakhala wokamba nkhani, tebulo la mabuku ogulitsa ndi khofi. Koma ntchito imene ine ndimaisirira imachitikira pambali, pamene mlendo wakhala pansi ndi katswiri n'kumuyalira zonse zimene wabwera nazo.

Mlendo amayamba ndi dzina la banja. Amati ife ndife a Martínez, kapena a Chávez, a Baca, a Luján, ndipo timamva kuti kwathu kwenikweni ndi ku Spain. Katswiri amamvetsera mwaulemu, osadula mawu, koma za Spain amaziika kaye padera. Iye amafuna kudziwa tchalitchi chimene agogo anabatizidwiramo, ndi chaka chake ngakhale chongoyerekeza. Ngati mlendo sakudziwa, amamufunsa kumene agogowo anaikidwa, woyera mtima amene mudzi wawo unkachitira chikondwerero chaka ndi chaka, mtsinje umene ankathirira nawo munda. Mafunso onsewa akulondola malo amodzi, chifukwa m'dziko lililonse limene Spain analamulirapo mbiri ya banja inagona m'mabuku a parishi.

Mabukuwa ali ndi gwero lake. Mu 1563 msonkhano waukulu wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent unalamula kuti wansembe aliyense wa parishi azisunga buku la maukwati ndi la maubatizo, ndipo mu 1614 Roma anawonjezerapo buku la maliro. Ansembe anawoloka nyanja ndi lamulo limeneli mpaka kukafika nalo m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande. Boma linabwera mochedwa kwambiri pa nkhani yolemba obadwa ndi omwalira: ku Mexico lamulo lake linadza mu 1859 m'nthawi ya Benito Juárez, pamene New Mexico anali atagwera kale m'manja mwa America kudzera m'pangano la Guadalupe Hidalgo la mu 1848. Choncho kwa zaka mazana awiri ndi kupitirira, munthu wosauka wa kumeneko kawirikawiri ankalembedwa katatu basi pa moyo wake wonse, pobatizidwa, pokwatira ndi poikidwa m'manda. Wansembe polemba sankaganiza za zidzukulu zimene zidzabwere kudzafufuza. Nkhawa yake inali yoti wina angakwatire kawiri, angakwatire mwamseri, kapena angakwatire m'bale wake. Luso lonse la wofufuza makolo lagona pa kufunsa bukulo funso limene mlembi wake sanaliganizirepo, n'kudziwa polekezera pa zimene bukulo lingathe kuyankha.

Ndime ya ubatizo ndi yaifupi, mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Imatchula tchalitchi, tsiku, masiku amene mwana wakhala chibadwire, dzina lake, ngati wabadwira m'ukwati, mayina a bambo ndi mayi, mudzi wawo, bambo ndi mayi wa ubatizo, kenako siginecha ya wansembe yokhala ndi kamchira kopotanapotana kamene aliyense anali ndi kakekake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1800, ansembe ambiri anayamba kulembanso agogo onse anayi, akuchimuna ndi akuchikazi. Wofufuza akagwera pa ndime yotere amakhala wapeza mibadwo itatu pa kachigamba kamodzi ka pepala, mayina asanu ndi anayi kuphatikizapo a makolo a ubatizo.

Koma kuti afike powerenga ndimeyo, pali thukuta. Inki ya nthawi imeneyo inkadya pepala, moti zolemba za kuseri zimaonekera kumaso n'kusakanikirana ndi zinzake. Pepala linali lodula, motero ansembe ankafupikitsa mawu mosaumira. Jph ndi Joseph, amene zidzukulu zake zikumudziwa kuti José. Ma yokhala ndi kachilembo m'mwamba ndi María. Xptoval ndi Cristóbal. Franco kawirikawiri si dzina la banja la Franco ayi, ndi Francisco wofupikitsidwa, ndipo kachilembo komaliza kakapendekeka pang'ono mwana wamwamuna amasanduka Francisca. Kalembedwe ka mawu nakonso kanalibe lamulo limodzi: Baca ndi Vaca ndi banja limodzi, Luján ndi Luxán chimodzimodzi, Jiménez ndi Ximénez. Apa m'pamene katswiri amasiyana ndi wophunzira. Wophunzira amathamangira pa ndime imene akuifuna. Katswiri amabwerera masamba khumi m'mbuyo n'kuyamba kuwerenga ana a eni, kuti dzanja la wansembeyo alizolowere, aone mmene amalembera r ndi mmene amalembera n, mmene 1 wake amasiyanira ndi 7. Akafika pa ndime yake amakhala akuwerenga dzanja lodziwika. Sakhulupiriranso dzina lolembedwa m'mphepete mwa tsamba, chifukwa nthawi zina linkawonjezedwa pambuyo, mwinanso ndi munthu wina, ndipo limatha kusemphana ndi la m'kati mwa ndime. Mindandanda yambiri ya mayina inakopedwa kuchokera m'mphepetemo, ndiye cholakwa cha mlembi mmodzi wotopa chimayenda ulendo wautali.

Vuto lalikulu koposa si inki koma mayina enieniwo. Anthu ankatcha ana mayina a oyera mtima, ndipo oyera mtima okondedwa anali owerengeka. Kufunafuna José Antonio Martín m'midzi ya kumpoto kwa mzinda wa Santa Fe cha m'ma 1790 kuli ngati kuima pamsika wa Kasungu n'kufuula kuti a Banda. Atsikana osawerengeka anali María, ena María de la Luz, ena María Dolores, ndipo mkazi yemweyo m'buku lina ndi María Dolores, m'buku lina ndi Dolores chabe. Mayina a mabanja nawonso sankakhazikika. Lero m'mayiko ambiri olankhula Chisipanishi munthu amanyamula mayina awiri, la bambo patsogolo, la mayi pambuyo, ndipo mkazi sataya dzina lake akakwatiwa, chinthu chimene chimathandiza kuti mzere wakuchikazi usazimirire. Koma m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 ana a mimba imodzi ankatha kutenga mayina osiyana, wina la bambo, wina la mayi, wina la agogo aakazi. Mayina aatali ankafupika popita nthawi. Banja la Martín Serrano linasanduka Martín, kenako m'zaka za m'ma 1800 ambiri mwa iwo anakhala Martínez. A Durán y Chaves ndiwo a Chávez a lero. A Cabeza de Baca ena amangolemba C. de Baca.

Ndiye amawasiyanitsa bwanji amuna awiri a dzina limodzi, a mudzi umodzi, amene mwinanso akazi awo onse ndi María? Katswiri salondola munthu mmodzi. Amamanga banja lonse. Amatola ana onse amene anabatizidwa pansi pa mayina a makolo awiriwo n'kuwandandalika motsata zaka. Mwa nthawi zonse ana ankabadwa motalikirana zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono. Akaona ana awiri a masiku ochepa atabatizidwa motalikirana miyezi inayi yokha, amadziwa kuti apa pali mabanja awiri amene anthu akhala akuwayesa limodzi. Kenako amayang'ana makolo a ubatizo. Awa sankangotoledwa panjira. Kawirikawiri anali agogo a mwana, amalume, azakhali kapena anansi a munda woyandikana, ndipo amabwerezabwereza m'banja limodzi. Ana atatu akakhala kuti anaimiridwa ndi anthu a banja la Trujillo, ena anayi ndi a banja la Vigil, mpanda wa pakati pa mabanja awiriwo umayamba kuoneka. Amatsegulanso buku la maliro, limene ophunzira ambiri amalinyalanyaza. Mwana akamwalira ali wakhanda, makolo ankakonda kupereka dzina lomwelo kwa wotsatira. Munthu amene sanaone buku la maliro amatenga Juan wa mu 1801 kukhala kholo lake, pamene Juan ameneyo anaikidwa ali ndi miyezi itatu ndipo kholo lenileni ndi Juan wa mu 1803. Apa makolo ndi omwewo, cholakwacho n'chaching'ono, koma dzanja limene limalekerera zaching'ono zotere ndi lomwelo limene mawa lidzalumikiza munthu ku banja lachilendo.

Chuma chenicheni cha ntchitoyi chili m'mapepala otchedwa diligencias matrimoniales, ofufuza za anthu ofuna kukwatirana. Ukwati usanalengezedwe katatu m'tchalitchi, mnyamata ankapereka pempho. Iye ndi mtsikana ankafunsidwa aliyense payekha, atalumbira: dzina, zaka, kumene anabadwira, makolo, ngati ndi wamasiye wa ndani, ngati akukakamizidwa, ngati analonjezapo wina. Kenako ankabwera ndi mboni, anthu akuluakulu a m'mudzi, amene nawonso ankatchula zaka zawo ndi kunena kuti awiriwa awadziwa kwa nthawi yaitali bwanji ndiponso ngati pali chibale pakati pawo.

Funso la chibale ndilo limakometsa mapepalawa. Kuyambira mu 1215 mpingo unkaletsa ukwati wa achibale mpaka pa mlingo wachinayi. Kawerengedwe kake n'kotere: ana a mimba imodzi ali pa mlingo woyamba, ana awo pa wachiwiri, zidzukulu zawo pa wachitatu, zidzukulutudzi pa wachinayi. Ndiye kuti anthu awiri amene agogo a agogo awo anali amodzi sankayenera kukwatirana popanda chilolezo chapadera. M'midzi ing'onoing'ono ya m'mapiri a New Mexico, kumene mabanja ochepa anakhala akukwatirana okhaokha kwa zaka zambirimbiri, kupeza mkazi amene si m'bale kunali kovuta. Pofuna chilolezo ankayenera kufotokoza chibalecho ndondomeko yake, ndipo mlembi ankachijambula papepala: pamwamba tsinde, munthu kapena banja limene onse awiri anachokerako, pansi pake mizere iwiri yotsika, m'badwo ndi m'badwo, mpaka kufika pa mkwati mbali iyi ndi mkwatibwi mbali inayo. Ankalembanso zifukwa: mudzi ndi waung'ono ndipo aliyense ndi m'bale, mtsikana ndi wosauka, ndi mwana wamasiye, alibe womusamala. Nthawi zina chopinga sichinali cha magazi. Mnyamata ankaulula kuti anagonapo ndi msuweni wa mtsikanayo, ndipo chinsinsi chimene mudzi unkangonong'onezana chinkalowa m'buku. Pepala limodzi lotere likhoza kunyamula mibadwo isanu, yonenedwa ndi nkhalamba zimene zinawaona anthuwo ndi maso kapena kumva kwa amene anawaona. Chibale ndi fupa, sichiola, koma pano chinasungika chifukwa mpingo unkachiopa.

Ngakhale apa katswiri sameza zonse. Amadziwa kuti mboni ya zaka 70 ikhoza kulumpha m'badwo umodzi, ndiponso kuti banja lofunitsitsa ukwati linali ndi chifukwa chokankhira chibale patali. Amatenga mzere wa m'pepalalo n'kuuyesa ndi mabuku a ubatizo, dzina ndi dzina. Amadziwanso kuti mapepala ena sali ku New Mexico. Milandu yofuna chilolezo cha episkopi inkatumizidwa ku Durango, ku Mexico, mtunda wa makilomita oposa 1,000 kummwera, kudzera mumsewu wa Camino Real, ndipo awiriwo ankadikira miyezi kuti yankho libwere. Mapepalawo anatsalira ku Durango komweko mpaka m'zaka za m'ma 1990 pamene New Mexico State University inawajambula pa maikulofilimu, ndipo Rick Hendricks ndi John B. Colligan anasindikiza zimene zinali m'menemo. Mabanja amene mzere wawo unali utaduka ku Santa Fe anapeza kuti mbali inayo ya chingwe inali ku Mexico nthawi yonseyi.

Aliyense wofufuza makolo a ku New Mexico amafika pa khoma limodzi, chaka cha 1680. Pa 10 Ogasiti chaka chimenecho mitundu ya Pueblo, eni nthaka, itatopa ndi ntchito yokakamiza ndi kuponderezedwa kwa chipembedzo chawo, inaukira motsogozedwa ndi Popé. Atsamunda a ku Spain pafupifupi 400 anaphedwa, kuphatikizapo ansembe 21, matchalitchi anatenthedwa, ndipo otsala pafupifupi 2,000 anathawira ku El Paso del Norte. Mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro a zaka zoposa 80, kuchokera pamene Juan de Oñate anafika mu 1598, anapita ndi moto. Atsamunda anabwereranso kudzakhazikika mu 1693 ndi Diego de Vargas.

Munthu amene anaonetsa kuti khomali lili ndi ming'alu ndi Fray Angélico Chávez, wansembe wa chipani cha Franciscan, wobadwira ku Wagon Mound mu 1910 ndipo anamwalira ku Santa Fe mu 1996. Anali mlakatuli ndi wojambula zithunzi, ndipo ku nkhani ya makolo analowera pakhomo lakumbali. Ankafufuza mbiri ya chifanizo cha Maria chotchedwa La Conquistadora chimene chili m'tchalitchi chachikulu cha Santa Fe, ndipo polondola anthu amene ankachisamalira, mayina a mabanja anayamba kumuunjikira. Mu 1954 anatulutsa buku la Origins of New Mexico Families. Mu 1957 anatulutsa mndandanda wa zolemba zonse zakale za arkidayosizi ya Santa Fe, ndipo pambuyo pake anafupikitsa ma diligencias masauzande m'mabuku khumi ndi limodzi otchedwa New Mexico Roots, Ltd. Zonsezi anachita popanda kompyuta, ndi timakadi ndi makina otayipira.

Pamene panalibe mabuku a parishi, Chávez anagwiritsa ntchito mapepala olembedwa pa zifukwa zina. Asilikali 129 a Oñate asananyamuke anayenderedwa ndi nduna ya mfumu, ndipo mlembi analemba dzina la aliyense, bambo wake, kwawo, zaka, msinkhu, mtundu wa ndevu, ngakhale chipsera cha pamphumi. Othawa a mu 1680 anawerengedwa ndi bwanamkubwa Antonio de Otermín, mwamuna aliyense ndi chiwerengero cha anthu a m'nyumba mwake, akavalo ndi zida. Ndipo panali bwalo la Inquisition, lozenga milandu ya chikhulupiriro. Woimbidwa mlandu akafika ku Mexico City, mwa zinthu zoyamba kumufunsa munali mbiri ya makolo ake: bambo, mayi, agogo, amalume, azakhali, abale, ana. Anthu a ku New Mexico amene anamangidwa m'zaka za m'ma 1660, monga Francisco Gómez Robledo amene pamapeto pake anamasulidwa, anasiya mayina a abale awo m'mafayilo amene ali ku Archivo General de la Nación mpaka lero. N'zowawa kuganiza kuti munthu ankatchula mayinawo ali ndi mantha a imfa, koma mabanja ena lero akudziwa makolo awo a m'ma 1600 chifukwa cha mantha amenewo.

Pepala lakale likhozanso kunama, ndipo chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha anthu amene Juan Páez Hurtado anakawatenga ku Zacatecas ndi ku Sombrerete mu 1695 kuti akadzaze New Mexico. Mndandanda wawo ulipo, wa boma, wosainidwa, wosonyeza mabanja: mwamuna, mkazi, ana. Koma boma linkapereka ndalama zambiri kwa banja kusiyana ndi munthu mmodzi. Colligan, m'buku lake la mu 1995, anayerekeza mndandandawo ndi maumboni amene anthu omwewo anapereka pambuyo pake ndi zolemba zina za ku New Mexico, n'kuonetsa kuti ena mwa mabanjawo anali ongopanga: anthu osadziwana anaikidwa pamodzi, ana anagawidwa kwa makolo osakhala awo, kuti ndalama zituluke zambiri. Wofufuza amene akanangokopera mndandandawo akanapatsa zidzukulu masauzande agogo abodza, ali ndi umboni wa boma m'manja.

Chávez nayenso analakwitsa m'malo ena, ndipo zimene omutsatira anachita nazo zimandisangalatsa. Sanamugwetse, sanamupembedzenso. José Antonio Esquibel ndi anzake akhala zaka zambiri akutola zolemba za ku Mexico ndi ku Spain zimene Chávez sanazione, n'kumakonza banja ndi banja, uku akutchula tsamba limene apezapo chilichonse. Pamsonkhano munthu akanena kuti izi zili m'buku la Chávez, amayankhidwa mwaulemu kuti inde, koma kodi mwaona zimene zinatuluka pambuyo pake? Masiku ano zithunzi za mabuku a parishi ambiri a ku Mexico zili pa intaneti kudzera ku FamilySearch ya ku Salt Lake City, ndipo zolemba za ku Archivo General de Indias ku Seville, kumene kuli zilolezo za anthu opita ku America, zambiri zimaoneka pa webusaiti ya PARES. Kompyuta yafika pomawerenga yokha zolemba za pamanja za Chisipanishi n'kutola mayina. Zafewetsa ntchito kwambiri. Zafewetsanso kufalikira kwa zolakwa, chifukwa mzere wabodza umodzi ukaikidwa pa intaneti anthu mazana amaukopera usiku umodzi, ndipo kuchuluka kwa okopera kumayamba kuoneka ngati umboni.

Palinso njala ya mtima imene katswiri amalimbana nayo mofatsa. Ena amabwera akufuna msilikali wotchuka wa ku Spain ndi chizindikiro cha banja lachifumu choti akapachike pakhoma. Ena amafuna makolo achiyuda amene anabisa chipembedzo chawo atathamangitsidwa ku Spain mu 1492. Nkhani imeneyi inakula ndi buku la Stanley Hordes la mu 2005, ngakhale akatswiri ena monga Judith Neulander anatsutsa umboni wina wa miyambo umene unkaperekedwa, ndipo inafika pachimake pamene Spain anakhazikitsa lamulo mu 2015 lopatsa unzika zidzukulu za Ayuda amenewo, mwayi umene unatsekedwa mu 2019. Mabanja ena alidi ndi mzere wotsimikizika wofika kwa Ayuda otembenuka. Ena ali ndi nkhani ya agogo yokha, yoti ankayatsa makandulo Lachisanu madzulo. Katswiri wabwino sanyoza nkhani ya agogo. Amailemba bwinobwino, ndi dzina la woinena ndi chaka, koma amaiika m'fayilo yakeyake, osati pa mzere wa mibadwo.

Zimene mapepala amaonetsa kawirikawiri ndi zosakanikirana kuposa zimene mlendo amayembekeza. Mpaka mu 1822, pamene boma latsopano la Mexico linaletsa mchitidwewu, ansembe ndi olemba kalembera ankalemba mtundu wa munthu pambali pa dzina lake: español, indio, mestizo, mulato, coyote. Wofufuza wozama amadziwa kuti mawu amenewa sanali muyeso wa magazi. Munthu yemweyo amapezeka mulato pobatizidwa, mestizo pokwatira, español poikidwa m'manda, malingana ndi chuma chimene wapeza ndi diso la wolemba. Ndipo Afirika alimo m'mabukuwa kuyambira pachiyambi. Isabel de Olvera, mkazi wa ku Querétaro wa bambo wakuda ndi mayi wa mtundu wa eni nthaka, asananyamuke ulendo wa ku New Mexico mu 1600 anapita kwa woweruza kukalembetsa kuti iye ndi mfulu, kuti wina asadzamuyese kapolo kutsogoloko. Sebastián Rodríguez, wochokera ku Luanda ku Angola, anali woimba ng'oma wa asilikali a Vargas ndipo anakhazikika ku Santa Fe. Mwana wake Melchor Rodríguez anali mmodzi mwa mabanja khumi ndi awiri amene anayambitsa mudzi wa Las Trampas mu 1751. Anthu ambiri a kumpoto kwa New Mexico amene anakula akumva za Spain yekha amapeza ng'oma ya ku Luanda pa mzere wawo. Kuyeza DNA kwawonjezera pa zimenezi: mizere yambiri yakuchikazi ya mabanja akale a kumeneko imathera kwa amayi a mitundu ya eni nthaka.

Malo ovuta kwambiri pa ntchito yonseyi ndi pamene ndime ya ubatizo ikunena kuti makolo sakudziwika. Nthawi zina ndi mwana wapathengo kapena wotayidwa pakhomo la munthu, ndipo apa makolo a ubatizo ndi nyumba imene anakuliramo zimatha kuloza kumene anachokera. Koma nthawi zambiri ku New Mexico ndi mwana wogwidwa. Kwa zaka zoposa mazana awiri ana ndi akazi a mitundu ya Apache, Navajo, Ute, Paiute, Pawnee, Comanche ndi ina ankagwidwa pankhondo kapena kugulidwa pamisika ya ku Taos ndi Abiquiú, n'kubatizidwa, n'kupatsidwa dzina la banja limene ankalitumikira. Iwo ndi ana awo ankatchedwa genízaros. Ena anapatsidwa malo m'malire oopsa, monga ku Abiquiú mu 1754, kuti akhale chishango cha midzi ya atsamunda. Nyumba ya malamulo ya New Mexico inawavomereza ngati eni nthaka mu 2007.

Ndime ya ubatizo wa mwana wotere imati mtsikana wa mtundu wa Navajo, wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, wa m'nyumba ya uje. Mbuye wa nyumbayo kapena mkazi wake ndiye kawirikawiri amaima ngati kholo la ubatizo. Msampha uli poti patapita zaka makumi awiri mtsikanayo amaoneka m'buku la ukwati atanyamula dzina la banjalo, ndipo wofufuza wopupuluma amamulemba ngati mwana wobadwa m'nyumbamo n'kumulumikiza ku mzere wa mbuye wake mpaka ku Spain. Katswiri amayang'ana kalembera wa mu 1790 kapena wina wapafupi, kuona ngati mtsikanayo ali pakati pa ana kapena kumapeto pamodzi ndi antchito. Amayang'ana wilo ya mbuyeyo, ngati akumutchula pakati pa olowa chuma kapena akumusiyira ng'ombe imodzi ngati amene anamulera. Amayang'ana ngati ndime ya ukwati ikutchula makolo kapena ikungoti wa m'nyumba ya uje. Zitatuzi zikagwirizana, amauza mlendo zoona zake, kuti dzina limene banja lanu lanyamula zaka 200 linabwera ndi ukapolo, ndipo agogo amenewa mzere wawo wa papepala wathera pano.

Kale ndime zoterezi ambiri ankangozidumpha, poti sizinkapititsa mzere patsogolo. David Brugge anaonetsa mu 1968 kuti zikhoza kuwerengedwa mwanjira ina: anatola maubatizo a anthu a mtundu wa Navajo m'mabuku a parishi kuyambira 1694 mpaka 1875, ndipo zaka zimene maubatizo anachuluka zinagwirizana ndi zaka za nkhondo zolanda anthu. Mu 2022 wolemba mbiri Estevan Rael-Gálvez, yemwenso ndi chidzukulu cha anthu ogwidwa chotero, anayambitsa ntchito ya Native Bound Unbound yosonkhanitsa pamalo amodzi dzina lililonse la mwini nthaka amene anasungidwa muukapolo m'mayiko a ku America. Anthu ongodzipereka, ena mwa iwo omwe aja a Loweruka ku Albuquerque ndi anzawo a m'mizinda ina, akubwerera m'mabuku amene anawawerenga kale, tsamba ndi tsamba, kukopera mayina a ana amene paulendo woyamba anawapitirira.